Makamera Awiri M'chipinda cha Namfedwa

Ine ntchito yanga si yojambula ayi. Ndimagwira polandirira alendo pa loji ina ya m'mphepete mwa nyanja kufupi ndi Chintheche, ndipo kwathu ndi ku Ntcheu. Kamera inangondigwera m'manja chifukwa ndine ndekha amene sindinathawe tsiku limene abwana anafunsa kuti ndani aziika timavidiyo ta zipinda ndi gombe pa intaneti. Inali kamera yakuda ya mtundu uja wosintha malenzi, yokhala ndi kagalasi mkati kamene kamalira kuti khwa ukamajambula chithunzi. Inabwera ndi lenzi imodzi yokokera zinthu pafupi, komanso kasikirini kotembenuzika. Ndinaikonda, ndisaname. Pamchenga woyera wa kuno, dzuwa likuswa mtengo, ngakhale mbuzi itaigwira ikhoza kujambula zokongola, ndiye ine ndinayamba kudziyesa katswiri. Zaka ziwiri zathunthu ndinkayenda nayo pakhosi, kumayankha alendo mokweza mapewa, osadziwa kuti kamera yangayo mumdima ndi yakhungu.

Pa lojipo ndinali ndi mnzanga wamkazi wophika, Mtonga wa mudzi wina wa kumtunda kwa msewu, kulowera ku Kande. Tinayamba ntchito limodzi mwezi womwewo, ndipo ndi iye amene anandiphunzitsa Chitonga chopindikapindika chimene ndimayankhulachi. Bambo ake anamwalira m'nyengo ya mvula. Mchimwene wake wamkulu, mwana wamwamuna yekhayo m'banjamo, anali ku Joni, kumene ankasamalira nyumba ndi maluwa kwa banja lina. Pamaliro sanabwere. Mapepala ake anali atatha mphamvu, ndipo aliyense ankadziwa kuti akangodutsa pachipata kubwera kuno, kubwererako kudzavuta, ntchito nayo ipita. Ntchito imeneyo ndi imene inkaphunzitsa ana ake atatu, amene ankakhala kumudzi komweko ndi agogo awo. Akuluakulu anamuletsa okha pafoni kuti akhale konko, maliro aika.

Anakhaladi, koma mtima wake sunakhale pansi. Ankafuna kuona amayi ake ndi maso. Vuto linali lakuti kumudziko netiweki imagwira pokhapokha utsikire kumsewu, pamene amayiwo sakanatuluka m'nyumba. M'banja limenelo mkazi wamasiye amakhala m'chipinda atavala zakuda, zenera litaphimbidwa, mpaka achibale a mwamuna atammasula. Mabanja ena pamudzipo anausiya kale mwambo umenewu, ndipo akulu a mpingo saukonda, koma panyumbapo panali mlongo wawo wa malemu, amene onse amawaitana kuti ankhazi, kutanthauza azakhali. Ankhazi akati ayi, nkhani yathera pomwepo.

Lolemba lina mnzanga uja anandipeza ndikuwerenga makiyi.

"Iwe, tenga chikamera chakocho tikawajambule ama," anatero. "Achimwene akutisowetsa mtendere. Akangowaona nkhope asiya."

Mwamuna sakanaloledwa kulowa m'chipindamo, ndiye ine ndinali woyenera. Ndinavomera mwachangu, ndikumva kukoma kuti luso langa lafunika.

Tinafika masana, cha m'ma thu koloko. Nyumbayo ili pansi pa mitengo ikuluikulu ya mango, ndipo kumwamba kunali kutachita mitambo. M'chipindamo munali bii. Pazenera anakhomerapo bulangete. Ama anakhala pamphasa, atatsamira khoma, mpango wakuda kumutu. Ine ndinaika kamera poti izisankha zonse yokha, monga ndinkachitira pagombe, n'kudina batani. Pa kasikirini zinkaoneka ngati zili bwinobwino. Ama anayankhula mawu ochepa, motsitsa, ngati akupereka lipoti kumsonkhano wa amayi a mpingo: ali bwino, akudya, ana akupita kusukulu. Tinatsikira kumsewu, ndinasamutsira vidiyo ija mufoni, n'kuitumiza osaionera n'komwe pamalo aakulu. Ndinabwerera kuntchito ndikuimba nyimbo.

M'mawa mwake mnzanga analowa polandirira alendo ndi epuloni yake, maso ali psuu. Sanandipatse moni. Anangoika foni patebulo n'kutsegula uthenga wa mawu. Anali mchimwene wake.

"Mukundibisira chiyani? Amenewa ndi ama? Ama anga amaoneka chonchi? Abambo akudwala munkandiuza kuti ndi chimfine, lero mwayambanso. Tikiti ndagula. Lachisanu ndikwera basi, ntchito ithe ngati ikutha."

Ndinatsegula vidiyo ija pa kompyuta ya mu ofesi. Mayo ine! Nkhope ya ama inali yotuwa mobiriwira, yodzaza ndi timadontho tothamangathamanga ngati nyerere. Maso panalibe, panali mabowo awiri akuda. Akasuntha mutu, nkhope inkatsalira m'mbuyo. Lenzi nayo inkangofunafuna poti igwire, ama kuonekera pang'ono, kuzimiririka, kuonekeranso, kuzimiririkanso. Kuphatikiza ndi mawu otsitsa aja, anali munthu amene akutsanzika. Kunena zoona, ndikanakhala mwana wawo ndikanakwera basi tsiku lomwelo, osadikira Lachisanu.

Mnzanga anali atamuimbira kale kangapo, kulumbira kuti ama ali bwino, koma iye sankamva. Angamvenso bwanji, popeza anamunamizapo kale?

"Iwe ndi kamera yako mwamuphera ntchito mlongo wanga," anandiuza choncho pamaso pa alendo awiri amene ankadikira kiyi.

Ndinapsa mtima. Ndinati kodi amene anakhoma bulangete pazenera ndine? Amene ananama za chimfine ndine? Tinayankhana zosayenera mpaka alendo aja anasunthira panja. Koma atabwerera kukhitchini, ndinaioneranso vidiyo ija ndekha, ndipo manyazi anandigwira mpaka kumapazi. Ana atatu aja ndinkawadziwa. Wamkulu anali atangoyamba kumene sekondale.

Pa Chintheche pali bambo wina wojambula maukwati, wamkulu ndithu, wamimba yake, amene kashopu kake kali pafupi ndi pometera. Lachitatu m'mawa ndinapempha maola awiri kuntchito n'kupita kwa iwo. Ndinawaonetsa vidiyo ija pafoni. Anaseka mpaka kukhosomola.

"Achemwali, mwajambula munthu kapena mzukwa?"

"Ada, ndabwera kudzathandizidwa, sindinabwere kudzasekedwa."

"Zonse ziwiri mulandira," anatero, akupukuta misozi.

Atamva nkhani yonse kuseka kunatha, chifukwa nawonso ali ndi mwana ku Joni. Anatulutsa kamera yawo m'chikwama n'kuiika pambali pa yanga. Zinali zofanana maonekedwe, kungoti yawo inali yaikulu, yolemera, yosupuka m'makona. Anachotsa malenzi onse awiri n'kundionetsa mkati. Anati kuseri kwa kagalasi kaja kuli kachipangizo kolandira kuwala, amakatcha sensa, ndipo ka m'kamera yanga n'kakang'ono, ka m'kamera yawo n'kakakulu.

"Mvula ikamagwa yowaza, wina watchera beseni, wina watchera kapu, atunge ambiri ndani?"

Kenaka ananyamula lenzi yanga n'kuiloza kukhomo kuti ndisuzumiremo. Bowo lake linali laling'ono, ndipo anati ukamakokera munthu pafupi limacheperachepera. Anandipatsa ina yawo, yaifupi, yopepuka, yooneka yachabechabe. Imeneyo sikokera chilichonse pafupi, ukafuna pafupi uyende ndi miyendo yako, koma bowo lake linali lotseguka kwambiri. Anandionetsanso nambala ina imene amati ISO. Anati kamera ikasowa kuwala imakweza nambala imeneyo, kudzikakamiza kuona, ndipo ikapyola pamene ingathe imayamba kupeka. Nyerere zija n'zimenezo, mtundu wobiriwira uja n'chimodzimodzi.

"Kamera yanu sinalakwe dala," anatero. "Inu munaifunsa zimene sikudziwa, iyo n'kuyankha bodza poopa manyazi."

Akanakonda kupita okha, koma chipinda cha namfedwa sakanalowamo. Anaiyang'ana kamera yawo nthawi yaitali, n'kuusa moyo, n'kundipatsa pamodzi ndi kalenzi kaja. Anati Lachisanu m'mawa ikhale itabwera, chifukwa Loweruka ali ndi ukwati ku Limphasa, ndipo ndikaigwetsa ndisabwererenso pa Chintheche, ndingopitirira kwathu ku Ntcheu.

Ulendo uno sindinafune kukaphunzirira pankhope ya ama. Pa loji tili ndi kachipinda kosungiramo zofunda, kopanda zenera. Masana amenewo ndinakamutenga mnzanga kukhitchini. Tinali tisanayankhulane chikanganirane, koma anabwera, milomo ili ndwii. Ndinamukhazika pa ndowa yovundikira, n'kumufunditsa chitenje chakuda, chitseko n'kuchitsegula pang'ono chabe. Poyamba zonse zinkaoneka zowala kuposa kumudzi kuja, ndipo ndinadabwa, mpaka ndinazindikira kuti mashiti oyera a m'mashelefu ndi amene ankabweza kuwala kwa pakhomo. Ndinawaphimba ndi mabulangete kuti mdima ufanane, koma nzeru imeneyo ndinaisunga mumtima.

Ndinayamba ndi kamera yanga ndi lenzi yake. Pa kompyuta mnzanga anatuluka mzukwa, ngati amayi ake. Anadziona yekha n'kugwira pakamwa.

"Ndiye ndi ine ameneyu? Iii, achimwene sanalakwe."

Pamenepo tinaseka tonse, mkangano n'kuthera pomwepo.

Kenaka ndinaika kalenzi kakafupi kaja pa kamera yanga, poti zinkalowana. Zinasintha kwambiri. Nkhope inabwerera, maso anaoneka, ndipo kamera inkamutsatira yokha akasuntha, ngakhale nthawi zina inkamutaya n'kumupezanso. Koma nyerere zinalipobe pa chitenje chakuda ndi m'makona, ndipo khungu lake linali lotuwirako, ngati wangochira malungo. Chinanso, pa kamera yanga lenzi imeneyo inkamubweretsa pafupi kwambiri, moti ndinabwerera m'mbuyo mpaka msana kugunda khoma, koma n'kumangokwana mutu wokha. Chipinda cha ama sichinali chachikulu kuposa pamenepo.

Pomaliza ndinatenga chikamera cha a maukwati chija ndi kalenzi kake. Abale inu! Mnzanga anatuluka mmene alili, khungu lake lenileni, ngakhale kachipsera ka mafuta otentha kamene kali padzanja lake. Kumbuyo kwake kunali mdima wosalala, wopanda kadontho. Koma nacho chinali ndi makhalidwe ake. Kulemera kwake, mphindi zitatu zokha manja anayamba kunjenjemera. Sikirini yake sitembenuzika, uyenera kuwerama n'kumaiyang'ana pamene ili. Choipitsitsa, pojambula vidiyo sichitsatira munthu chokha. Uyenera kumapotokola mkombero wa lenzi ndi zala, ndipo bowo likatseguka lonse, munthu akangoweramira kutsogolo pang'ono maso amasungunuka, makutu ndi amene amaoneka bwino. Kasanu konse ndinajambula makutu a mnzanga.

Ndinagwira njakata. Kamera ina imadzithandiza yokha koma imanamako pang'ono, ina imanena zoona koma ikudalira zala zanga zosazolowera. Ndinaganiza kuti bodza la kamera ndi limene latifikitsa pano, ndiye ndinasankha yaikuluyo. Masana onse ndinakhala ndikupotokola mkombero, mnzanga akuweramira kutsogolo, kubwerera, kucheuka, uku akundinena kuti anyezi wake akumudikira ndipo ndikamuchotsetsanso ntchito iye ndiye banja lonse lidzadya makamera.

Lachinayi m'mawa tinanyamuka, kamera yaikulu ili m'chikwama, chikwama m'pepala la pulasitiki, pepala pansi pa ambulera. Tinadutsa m'minda ya chinangwa, matope mpaka m'mawondo. M'chikwama china ndinali nditaika shiti yoyera ya pa loji, yochapidwa bwino, yosita. Mnzanga sindinamuuze. Ndinkafuna ndikamudabwitse ndi nzeru zanga.

Ankhazi tinawapeza pakhonde akusenda chinangwa. Tinawapatsa moni, anayankha mosaumira, tinalowa. Ine ndinafika pabalaza, pakhomo penipeni pa chipinda cha ama, n'kutulutsa shiti ija, n'kuitambasula ndi manja awiri kuti ndione pamene kuwala kwa pakhomo lakunja kukagwere. Inali mbee.

Ndinangomva mpeni kugwa pakhonde.

"Mayo! Mwana iwe, wabweretsa chiyani m'nyumba muno? Ukufuna kukulunga ndani?"

Ankhazi anali ataima pakhomo, manja pamutu. Anayankhula Chichewa chawo cholemera ndi Chitonga, dala kuti ndimve bwino. Anati mlongo wawo watuluka m'nyumba imeneyi masabata atatu apitawo atakulungidwa m'nsalu ngati yomweyo, lero mlendo akubwera kudzatambasula ina pakhomo pa mkazi wake. Watumidwa ndi ndani? Akufuna atuluke ndani tsopano?

Ine m'maso mwanga inali shiti ya chipinda nambala sikisi, yobwezera kuwala basi. Pa loji timatambasula zoterezi tsiku ndi tsiku mpaka unaiwala kuti nsalu yoyera ili ndi ntchito ina. Ndipo kwathu ku Ntcheu n'chimodzimodzi, sindinganamizire kuti ndi za Atonga zokha. Komabe pakamwa panga, mmene palili, panatseguka kuti ndifotokoze za sensa ndi kuwala. Mnzanga ananditsina pantchafu kolimba. Ndinagwada pansi, shiti ili m'manja, n'kupepesa m'Chichewa, kupepesanso m'Chitonga changa chopindikacho. Ankhazi anailanda n'kukaiponya panja pamvula. Anati tinyamule tizipita, zojambulajambula zathera pomwepo.

Pamenepo m'maganizo mwanga ndinaona basi ya Lachisanu ikunyamuka. Misozi inalengeza, ya manyazi ndi ya mkwiyo wodzikwiyira ndekha.

Amene anatipulumutsa ndi ama. Kuchokera mumdima muja anayankhula mosakweza mawu, ndipo ndinamva ndekha popanda womasulira: amuleke mwana wa eni ake, sanadziwe, alowe. Ankhazi anagonja, koma anapereka malamulo awo. Bulangete la pazenera lisakhudzidwe. Tochi isayatsidwe pankhope ya namfedwa. Chitseko cha chipinda chikhoza kukhala chotsegula, basi.

Tinalowa, koma mvula inakula pamalata moti munthu sukanamva mnzako. Tinadikira pafupifupi ola, titangokhala. Itachepa ndinakhala pansi, zigongono n'kuziika pa kampando kuti manja asanjenjemere. Ndinatsegula bowo la lenzi lonse, nambala ija ndinaikweza pang'onopang'ono mpaka pamene ada a maukwati anandiuza kuti ndisapyole, n'kupotokola mkombero. Ama anatulukira pa sikirini ngati akuchokera m'madzi. Ndinawaona bwino kuposa mmene maso anga ankawaonera m'chipinda momwemo: masaya odzaza, timizere ta m'mbali mwa maso, khungu lakuda bwino losalala. Ndinati m'kati mwanga, Ambuye zikomo.

Ndinadina batani, ama n'kuyamba. Koma linali lipoti lomwe lija. Ali bwino, akudya, ana akupita kusukulu. Mawu otsitsa, maso pansi. Chithunzi chinali chabwino, koma munthu wokayika kale akanati awakonzera zonena. Mnzanga anaona zomwezo. Kufikira nthawi imeneyo ama anali asanauzidwe za tikiti, poopa kuwawonjezera nkhawa. Ndinangomva mnzanga akuphulika kumbuyo kwanga.

"Ama, achimwene agula tikiti. Akukwera basi mawa. Akuti mukudwala, tikuwabisira."

Ine diso linali pa sikirini, ndiye ndinaona zonse. Ama anadzutsa mutu. Nkhope yonse inamasuka, maso anawala, dzanja linapita pachifuwa.

"Akubwera?"

Anamwetulira ngati mtsikana. Sizinatenge nthawi, mwina kupuma kutatu. Kenaka kumwetulira kuja kunayamba kuchoka.

"Nanga ntchito?"

Anatembenukira kwa mnzanga.

"Nanga mapepala aja?"



Pamenepo ama anaweramira kutsogolo, ine n'kuwathamangira ndi mkombero, kuwataya, kuwapeza. Analoza kamera ndi chala ngati mwana wawo ali m'kati mwake. Chitonga chinatuluka chothamanga moti zina anandimasulira pambuyo pake. Anamufunsa ngati mutu wake ukuyenda bwino. Anamufunsa ngati abambo ake adzadzuka akabwera. Anamufunsa kuti ana ake atatu adzadya chiyani, adzalemba mayeso ndi chiyani, kapena akufuna onse adzakhale pagombe kudikira usipa wa anthu ena.

"Ndiyang'ane! Ndikudwala ine? Wodwala amatere?"

Anadzimenya pamkono kuti phwa. Anatsegula pakamwa kumuonetsa mano. Anamuuza zonse zimene anadya dzulo lake, n'kuwonjeza kuti ndiwo zinali zosakolera mchere chifukwa ankhazi amaumira. Anati akangoyerekeza kufika pamudzi pano, iwo atuluka m'chipinda muno mwambo usanathe, n'kumuthamangitsa ndi mtengo mpaka kumsewu, anthu aone. Ponena zimenezo anaimirira, mutu n'kutuluka m'chithunzi, ine n'kutsala ndikujambula chitenje. Pakhomo ndinamva munthu akuseka mobisa. Anali ankhazi.

Ndinazimitsa kamera. Ama anakhala pansi akupuma mwamphamvu, n'kunena kuti akufuna aone. Ndinasendera pafupi n'kuwagwirira chikamera chija. Chiyambire maliro anali asanadzione pagalasi. Anayang'ana phee, kuyambira lipoti lija, kufika pamene anauzidwa za tikiti, mpaka kumapeto. Anati ndibwezenso. Ndinabweza. Titafika pamene akumwetulira paja anaika chala pa sikirini.

"Mwana wanga, apa pangachoke?"

"Pangachoke, ama."

"Uchotse. Akaona apa akwera basi."

Ndinavomera ndi mutu. Potuluka ndinatola shiti yanga m'matope n'kuipinda mwamsanga, kuibisa pansi penipeni pa chikwama.

Ku loji ndinadula vidiyo ija pa kompyuta, kuyambira pamene ama akufunsa za ntchito. Ulendo uno ndinaionera katatu pa sikirini yaikulu, ndinaioneranso pafoni, ndinaitananso mayi wochapa zovala kuti andiuze ngati munthu ameneyu akuoneka wodwala. Mayiyo anati wodwala ndi amene akukalipiridwayo. M'malo awiri maso a ama anali atasungunuka pang'ono chifukwa zala zanga zinachedwa, koma nyerere munalibe, mabowo akuda munalibe. Tinaitumiza. Netiweki ya tsiku la mvula mukuidziwa, kanthu kaja kankangozungulira, ife titaunjikana pafoni ngati tikuotha moto. Itapita, mchimwene wake anaitsegula nthawi yomweyo. Kenaka chete. Mphindi khumi, makumi awiri. Mnzanga anabwerera kukhitchini, kudula tomato mmodzi, kubweranso.

Foni inalira cha m'ma folo koloko. Mnzanga anaika pokweza kuti ndimve nawo. Kumbali inayo munthu ankaseka ndi kulira nthawi imodzi.

"Ndi ama amenewo," anatero. "Eee, ndi ama. Pakamwa pakadali pomwe paja."

Anati waionera kanayi. Anati abwana ake anali asanawauze, ankafuna kuwauza m'mawa ponyamuka, ndiye palibe chimene chawonongeka. Tikiti akaibweza, mawa alawirira kuntchito monga mwa masiku onse. Anapepesa kwa mlongo wake. Anafunsanso kuti kodi wojambula woyamba uja anali ndani, amupezere ntchito ina. Mnzanga anandiyang'ana, n'kunena kuti ameneyo tinamuchotsa kale.

Foni itadulidwa tinakumbatirana pakati pa khitchini, kudumphadumpha, mpaka mkulu wa ophika anatithamangitsa ndi chipande. Ndinakakhala pa sitepe yakuseri n'kumangopuma. Masiku atatu ndinali ndisanadye chakudya n'kuchimva kukoma, koma madzulo amenewo ndinamaliza mbale ya mpunga n'kupempha wina.

Lachisanu m'mawa ndinabweza kamera ija. Ada a maukwati anaitembenuza mbali zonse, kuinunkhiza ndithu, n'kunena kuti ikununkha utsi koma ili moyo. Anaonera vidiyo n'kuloza malo awiri aja amene zala zinachedwa, poti sakanalekerera osapeza cholakwa. Pambuyo pake abwana anandigulira kalenzi kakafupi ngati kaja, ndipo kamera yanga yakale ndimaigwiritsabe ntchito. Alendo akandifunsa kuti yabwino ndi iti, ndimawauza kuti pagombe masana zonse ndi zabwino, akafuna kudziwa zoona akaziyese m'chipinda chosungira zofunda, ndipo asakhulupirire kasikirini kakang'ono.

Kuchoka pa Chintheche ndinakumana ndi mnzanga pamsewu, tinakwera limodzi kumudzi kukawauza ama. Ankhazi anayang'ana chikwama changa kaye asanandiyankhe moni, kenaka anatilola kulowa. Mnzanga anafotokoza zonse, kuti achimwene aona, akhulupirira, sakubweranso, pano ali kuntchito.

"Yewo," anatero ama. "Wachita bwino. Ndi mwana womva."

Ananena kawiri kuti wachita bwino, ndipo ndikhulupirira kuti ankanena kuchokera pansi pa mtima. Tinacheza zina, za mvula, za chinangwa chimene chikuola m'munda wa kumunsi. Titayamba kutsanzika anamugwira mwana wawo pamkono.

"Basi imeneyo ikanafika liti kuno?"

"Mwina Lamlungu masana, ama."

Anagwedeza mutu, maso ali kukhomo.

"Anthu akanakhala ataweruka kutchalitchi," anatero. "Ndikanawauza ana amuphere tambala wofiira uja."